MAPIKO NDIWO AMAULULA NCHITO YA MBALAME

Pa mbendera ya dziko lathu, imene inakwezedwa koyamba pa 24 Okutobala 1964, pali nkhwazi yotambasula mapiko. Ana a sukulu amaiona m'mawa uliwonse ndipo amaphunzitsidwa kuilemekeza. Koma mwana yemweyo akaweruka masana amapeza amai ake akukuwa ndi kuponya miyala m'mwamba cifukwa mphamba watsomphola mwanapiye, ndipo pamenepo amatola phunziro lina lakuti mbalame iriyonse ya mlomo wokhota ndi zikhadabo zakuthwa ndi mbala yoyenera kuphedwa. Komatu nkhwazi ndi mphamba ndi pacibale. Pamodzi ndi ciwombankhanga, mphungu, kabawi, muimba, ngakhalenso kadzidzi amene amayenda usiku, zonsezi ndi mbalame zodya nyama.

Dandaulo la amai aja ndi lomveka. Mwanapiye wa lero ndiye nkhuku ya mawa, ndipo nkhuku ndiyo imagula sopo, mcere ndi makope a ana. Bvuto ndi lakuti pofuna kulanga mbala imodzi, anthu amapha mbalame zambiri zimene sizinalaweko nkhuku, ndipo zina mwa izo ndi zimene zimawathandiza pa ulimi. Njira yozisiyanitsira iripo. Monga khasu, nkhwangwa ndi cikwakwa zimasiyana maonekedwe cifukwa nchito zake ndi zosiyana, momwemonso mapiko a mbalamezi. Munthu wodziwa kuyang'ana mapiko ndi mcira angathe kudziwa cimene mbalameyo imadya, m'mene imasakira, ndiponso m'mene iye angachinjirizire ziweto zake.

CIMENE CIMANYAMULA MBALAME

Mpweya suoneka ndi maso, koma uli ndi mphamvu. Amene anakwerapo kumbuyo kwa lole yothamanga amadziwa zimenezi. Mukagoneka cikhatho molunjika kumene mphepo ikucokera, mphepo imangodutsa. Mukakweza pang'ono mbali ya kutsogolo, dzanja lonse limakankhidwira m'mwamba, cifukwa cikhatho cikukankhira mpweya pansi ndipo mpweyawo ukubwezera pokankhira cikhatho m'mwamba. Mukapendeketsa kopitirira muyeso, mphamvu yonyamula ija imatha ndipo dzanja limangokankhidwira kumbuyo.

Phiko la mbalame limacita cimodzi-modzi, koma mwaluso loposa. Tsiku limene mudzapha nkhuku, mudzaonetsetse phiko lake musanasosole. Pamwamba pake ndi pokhota ngati mbale yobvundikira, kutsogolo ndi kocindikala, ndipo kumbuyo ndi kopyapyala. Mpweya wodutsa pamwamba umathamanga kuposa wodutsa pansi, ndipo umatsata kukhota kuja nutsikira pansi kumbuyo kwa phiko. Motero pamwamba pa phiko mpweya umapanikiza pang'ono, pansi pake umapanikiza kwambiri, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumanyamula mbalame. Cofunika ndi cakuti mpweya uziyenda pa phikolo nthawi zonse. Ndico cifukwa cake mbalame zikulu-zikulu zimayang'ana kumene mphepo ikucokera ponyamuka ndi potera, ndiponso muimba wokhuta umayamba wathamanga pansi usanauluke.

Thupi lonse la mbalame ndi lopepuka. Mafupa ambiri ali ndi mphako mkati, ndipo mano olemera palibe. Pacifuwa pali fupa losongoka pamene pamagwira minofu ikulu-ikulu yokupizira mapiko. Nthenga zazitali za kunsonga kwa phiko ndizo zimakankhira mbalame kutsogolo pokupiza, za pafupi ndi thupi zimanyamula, ndipo za kumcira ndizo ciongolero ndi mabuleki. Nthenga iriyonse iri ndi timaulusi tokolana ndi tingowe tating'ono kwambiri, kotero kuti ikang'ambika, mbalame imaipesa ndi mlomo ndipo imalumikizananso.

Komabe kukupiza mapiko kumadya mphamvu yambiri, maka-maka kwa mbalame yolemera. Apa ndi pamene mbalame zodya nyama zimasiyanirana, pakuti mtundu uliwonse uli ndi njira yake yopezera cakudya popanda kuononga mphamvu yoposa imene ungapeze m'cakudyaco.

MIIMBA IMAKWERA MPWEYA WOTENTHA

Muimba wa msana woyera, umene umaoneka m'cigwa ca Luangwa ndi ku Kafue, umalemera makilogalamu 4 mpaka 7, ndipo mapiko ake otambasula amakwana mamita 2. Cakudya cake ndi nyama yakufa, imene lero iri kuno, mawa iri kutali. Mbalame yolemera motere itati iziyenda mitunda yonseyo pokupiza mapiko, ikanafa ndi kutopa. Thandizo lake limacokera ku dzuwa.

Dzuwa likatentha nthaka, nthaka imatenthetsa mpweya woyandikana nayo, ndipo mpweya wotentha, pokhala wopepuka, umakwera m'mwamba. Mumaona zimenezi pamene thengo likupsa, phulusa ndi masamba zikukwera zokha, kapena pamene kabvumvulu wa mu Okutobala wanyamula zinyalala za pabwalo. Pamalo ouma, pamiyala ndi m'minda yoyera, mpweya wotere umakwera ngati mzati wosaoneka, nthawi zina kupitirira mamita 2,000. Mitambo yoyera yonga thonje imene imaoneka masana, kawiri-kawiri imakhala pamutu pa mizati yotereyi.

Muimba umalowa mu mzatiwo, nutambasula mapiko, nuzungulira-zungulira kuti usatulukemo, ndipo mpweya umaukweza ngati cikepe. Ukafika pamwamba umapinda mapiko pang'ono nutsetsereka kulunjika ku mzati wina. Katswiri wina wa ku Britain, Colin Pennycuick, anatsatira miimba ndi kandeke kopepuka ku Serengeti m'dziko la Tanzania, ndipo mu 1971 analengeza kuti muimba wotere ungapite kutsogolo mamita pafupi-fupi 15 pa mita imodzi iriyonse imene watsika. Kunena kwina, muimba umene wakwera mamita 1,000 ungayende makilomita 15 popanda kukupiza. Ici ndico cifukwa cake simungaone miimba m'mwamba mbandakuca. Imadikira pa mitengo kufikira dzuwa litakwera ndi kutenthetsa nthaka, ndipo tsiku la mvula yosakata imagona ndi njala.

Yang'aninso nsonga za mapiko ake. Nthenga za kumeneko ndi zotalikirana ngati zala za dzanja lotambasula. Pa nsonga ya phiko lirilonse, mpweya wa pansi umathawira pamwamba ndi kupanga kabvumvulu wamng'ono amene amakokera mbalame kumbuyo. Zala zija zimamwaza kabvumvuluyo ndi kucepetsa mphamvu yake, motero mbalame ya mapiko otakata imatha kuzungulira pang'ono-pang'ono osagwa. Mbalame iriyonse imene muiona ndi mapiko otakata okhala ndi zala zotere, dziwani kuti nchito yake ndi kuyandama.

Kutalika kumene miimba imafika ndi kodabwitsa. Pa 29 Novembala 1973, muimba wa mtundu wochedwa Rüppell unaombana ndi ndeke pamwamba pa mzinda wa Abidjan ku Ivory Coast, pa mtunda wa mamita 11,300 kucokera pansi, ndipo nthenga zimene zinatsalira ndizo zinaulula mtundu wake. Ku South America kuli muimba waukulu kwambiri wochedwa condor. Akatswiri amene anamangirira timakina pa miimbayi ku Argentina analengeza mu 2020 kuti umodzi unauluka maola oposa 5, nuyenda makilomita 172, osakupiza mapiko ngakhale kamodzi.

MPHUNGU NDI ALENDO A M'DZINJA

Akale anati mphungu sataya nthenga. Kunena zoona, nthenga zake zimathothoka monga za mbalame zonse, koma zimacoka imodzi-imodzi kuti kuuluka kusasokonezeke, ndipo zimagwera kutali m'thengo kumene munthu sangazitole wamba. Mphungu sasowa: thupi lakuda, nkhope ndi miyendo yofiira, kunsi kwa mapiko koyera, ndipo mcira ndi waufupi kotero kuti mapazi amaupitirira. Popeza alibe mcira wokwanira kuongolera, amaongolera ndi mapiko, ndipo pouluka amapendama uku ndi uku ngati munthu wooloka pa ulalo wa mtengo umodzi atatambasula manja. Iye sakwera kwambiri monga muimba. Amadutsa pamwamba pa mitengo mwaliwiro, mutu uli coweramira, ndipo pa tsiku limodzi angayende makilomita 300 akufuna njoka, mbewa, mbalame ndi tinyama takufa. Kawiri-kawiri ndiye amayamba kuona nyama yakufa, ndipo miimba imamuyang'anira.

Nthawi ya mvula, pamene inswa zikutuluka, mumaona ziwombankhanga zofiirira zitatera pafupi ndi culu zikutola inswa ngati nkhuku. Zambiri mwa izo ndi alendo ocokera kum'mawa kwa Europe, ku Russia ndi ku Kazakhstan. Pa ulendo wao zimadalira mpweya wotentha monga miimba, ndipo popeza pamwamba pa nyanja yaikulu palibe mizati yamphamvu yotere, zimalambalala nyanja ndi kulowa mu Africa pa Suez ku Egypt, kapena pamene nyanja yapanikizika pakati pa Yemen ndi Djibouti.

KABAWI, MWINI LIWIRO

Dzina la kabawi timalipereka kwa mbalame zingapo, koma mapiko amazigawa pawiri. Gulu loyamba liri ndi mapiko aatali, opyapyala, osongoka ngati mpeni, opanda zala kunsonga. Mapiko otere amaceka mpweya mosabvuta ndipo ndi a liwiro. Mfumu ya gululi ndi kabawi amene pa Cingerezi amamucha peregrine, wopezeka pafupi-fupi pa dziko lonse lapansi, ndipo kuno kwathu amakonda matanthwe ndi zigwembe za mitsinje. Amakwera m'mwamba kwambiri, ndipo akaona njiwa ikuuluka pansi pake amapinda mapiko, thupi nkukhala ngati mubvi, nagwa camutu. Pa kugwa kotere liwiro lake limapitirira makilomita 300 pa ola, kumene kuli kuwirikiza katatu liwiro la basi ya pa Great East Road, ndipo palibe camoyo cina comuposa. Amamenya njiwayo ndi mapazi, kenaka amaimaliza poiluma pakhosi. M'maso mwake muli kakhungu kopyapyala kamene kamapukuta diso kuti lisaume ndi mphepo.

Mbale wake wa kapewa kofiirira pamutu, wochedwa lanner, ndiye amafika m'midzi kudzagwira nkhunda ndi anapiye. Onsewa amafuna malo oyera, pakuti mbalame yothamanga motere singalowe m'zitsamba osadzibvulaza.

M'gulu lomweli muli kakabawi kakang'ono kolemera magalamu pafupi-fupi 150, kamene kamaswana kum'mawa kwa Russia ndi kumpoto kwa China. Caka ndi caka kamadutsa ku India, nkuoloka nyanja ya Indian Ocean, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 3,000 wopanda potera, ndipo kamafika kum'mwera kwa Africa kuno mvula itayamba. Timayenda m'magulu, ndipo cakudya cake ndi inswa, dzombe ndi ziwala. Mu 2012 kunadziwika kuti anthu a ku Nagaland m'dziko la India anali kukola mbalamezi ndi maukonde zoposa 100,000 pa caka. Atamva za ulendo wake ndi nchito yake, anthu a midziyo analeka mu 2013, nasanduka alonda ake.

Gulu laciwiri la akabawi liri ndi mapiko aafupi, obulungira, ndi mcira wautali. Mapiko aafupi amanyamula mbalame mwadzidzidzi, ndipo mcira wautali umaithandiza kukhota pakati pa nthambi. Kabawi wotere sataya nthawi kuzungulira m'mwamba posaka. Amabisala mu mtengo wa masamba ambiri pafupi ndi mudzi, nadikira, ndipo akabvumbuluka, m'kuphethira kwa diso mwanapiye wapita. Popeza saoneka, mlandu wake umagwera ciwombankhanga kapena mphungu amene amangodzidutsira m'mwamba.

MPHAMBA, NKHWAZI NDI CIWOMBANKHANGA

Mphamba mungamudziwe ndi mlomo wacikasu ndi mcira wa mphanda umene amaupotoza uku ndi uku pouluka. Mapiko ake ndi aatali, pafupi-fupi mita ndi theka, koma thupi lake silikwana kilogalamu imodzi. Kupepuka kumeneku kumamulola kuuluka pang'ono-pang'ono pakati pa nyumba, kukhota mwadzidzidzi, ndi kutsomphola kanthu pansi popanda kutera. Ndi mbala yeni-yeni ya anapiye, ndipo palibe cifukwa cobisira. Koma mapazi ake ndi ofooka, motero nkhuku yaikulu sangaithe. Cakudya cake cambiri ndi inswa, mbewa, acule, ziwala zothawa moto wa m'thengo, ndi tinyama topondedwa pa mseu. Ndi mlendonso, pakuti amafika ca mu Ogasiti kapena Seputembala nacoka ca mu Malichi. Motero ngozi yake iri pa anapiye aang'ono cabe, ndiponso pa miyezi yodziwika.

Nkhwazi iri ndi mapiko otakata a mamita 2 kapena kupitirira, ndipo yaikazi ndiyo yaikulu kuposa yaimuna. Nthawi yambiri ya tsiku imangokhala pa mtengo wa m'mbali mwa madzi. Ikaona nsomba yayandama, imatsetsereka mopendekeka, niponya miyendo kutsogolo, nikwatula nsombayo ndi zala zokhakhala zimene sizitereretsa. Pamenepo pamafunika mapiko otakata, cifukwa iyenera kukwera ndi katundu popanda pothamangira. Mlamba ukalemera kwambiri, nkhwazi imaukoka pamwamba pa madzi, kapena kupalasa ndi mapiko kufikira kumtunda.

Ciwombankhanga ceni-ceni, ca mawanga pamimba, ndico cacikulu pa ziwombankhanga zonse za mu Africa, ndipo cimalemera makilogalamu 3 mpaka 6. Cimayandama kutali m'mwamba, ndipo popeza maso ake amaona bwino kuposa a munthu kawiri kapena kupitirira, cimaona nkhanga, ng'azi kapena kalulu ciri patali, nkutsetsereka mtunda wautali kufikira kumugwira. Nthawi zina cimagwira nkhuku kapena kamwana ka mbuzi. Koma banja limodzi limafuna dera lalikulu kwambiri ndipo limaikira dzira limodzi cabe, kawiri-kawiri kamodzi pa zaka ziwiri, motero ziwombankhangazi ndi zowerengeka.

ALONDA A MUNDA NDI NKHOKWE

Pa mawaya a m'mbali mwa mseu pamatera kambalame kotuwa, koyera kumimba, ka mapewa akuda ndi maso ofiira. Kamatha kuima malo amodzi m'mwamba. Kamayang'ana kumene mphepo ikucokera, nkukupiza mapiko mwa liwiro lofanana ndi la mphepoyo, mcira utatambasuka, mutu osagwedezeka, kufikira mbewa itasuntha mu udzu. Pafupi-fupi cakudya cake conse ndi mbewa, ndipo mlimi alibe naco mlandu.

Kadzidzi naye ali ndi mapiko a nchito yake. Kutsogolo kwa phiko kuli timano tonga ta cipeso, kumbuyo kuli mphonje zofewa, ndipo pamwamba pa nthenga ndi pofewa ngati bulangeti. Zonsezi zimazimitsa phokoso la mpweya, motero khoswe samva kuti imfa ikudza, ndiponso kadzidzi amatha kumva mswayo wa khoswe mu mdima ali kuuluka. Kufika kwake kopanda phokosoku ndiko kwina kumene kumaopsa anthu kufikira kumuganizira za ufiti. Kadzidzi wa nkhope yoyera, amene amagona m'madenga a machalichi ndi masukulu, amadya mbewa kapena makoswe atatu kapena anai usiku umodzi, ndipo pa caka amapitirira 1,000. Mlimi aliyense angawerengere yekha cimanga cimene makoswe 1,000 akanadya m'nkhokwe.

OPANGA NDEKE ANAPHUNZIRA KWA MBALAME

Luso limeneli anthu analisirira kalekale. Mu 1900, Wilbur Wright wa ku America analembera mnzake kalata yofotokoza kuti anaona miimba ya kwao ikudziongola popotoza nsonga za mapiko pamene mphepo yaipendeketsa. Iye ndi mng'ono wake Orville anapanga mapiko opotozeka motero, ndipo pa 17 Disembala 1903, pafupi ndi Kitty Hawk, ndeke yao ya injini inauluka masekondi 12, niyenda mamita 37. Ndeke zambiri za masiku ano ziri ndi nsonga za mapiko zokhotera m'mwamba, zimene Richard Whitcomb wa bungwe la NASA anaziyesa m'zaka za m'ma 1970. Nchito yake ndi yofanana ndi ya zala za muimba, kucepetsa kabvumvulu wa kunsonga, ndipo potero ndeke imamwa mafuta ocepa.

LUSO LOMWELO LASANDUKA MSAMPHA

Miimba ya mu Africa imapeza cakudya ndi maso. Ikakwera m'mwamba imamwazikana, uliwonse ukuyang'ana pansi ndiponso ukuyang'anira unzake. Umodzi ukapinda mapiko nutsika, woyandikana nawo umatsatira, winanso umaona umenewo, ndipo m'kanthawi kocepa miimba yocokera kutali-tali yasonkhana pa nyama imodzi. Njira imeneyi ndiyo imayeretsa thengo msanga. Koma munthu akathira poizoni pa nyamayo, njira yomweyo imasonkhanitsa miimba ya dera lonse ku imfa.

Opha njobvu mozembera lamulo amathira poizoni pa mtembo wa njobvu cifukwa miimba yozungulira m'mwamba imaululira oyang'anira nyama pamene iwo ali. Alimi ena amathira mankhwala a thonje pa ng'ombe kapena mbuzi yakufa pofuna kupha fisi kapena mkango, ndipo oyamba kufika ndi mphungu ndi miimba. Mu 2016 miimba yoposa 100 inafera pa mtembo wa njobvu ku South Luangwa. Mu Juni 2019, ku Botswana, miimba 537 inafera pa njobvu zitatu. Muimba umaikira dzira limodzi pa caka ndipo umatenga zaka zinai kapena kupitirira usanayambe kuswana, motero zimene zaonongeka tsiku limodzi zimafuna zaka zambiri kuti zibwerere. Mu 2015 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zotsala pang'ono kutha, linaika muimba wa msana woyera pa gulu la zimene ziri pa ngozi yoopsa kwambiri, ndipo mu 2020 linaika mphungu ndi ciwombankhanga cacikulu cija pa gulu la zimene ziri pa ngozi.

Zotsatira za kutha kwa miimba zinaoneka ku India. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ng'ombe ochedwa diclofenac anapha miimba yoposa 95 pa 100 iriyonse, cifukwa inali kudya ng'ombe zimene zinafa mankhwalawo ali m'thupi. Mitembo ya ng'ombe inayamba kuolera poyera, agalu opanda mwini anaculuka, ndipo dziko limene linali kale pa bvuto la ciwewe linaonjezeredwa mtolo. Boma la India linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006, koma kufikira lero miimba siinabwerere mwakale.

ZIMENE MLIMI ANGACITE

Podziwa m'mene mbalame iriyonse imaulukira, mlimi angachinjirize nkhuku zake popanda kupha ciriconse. Anapiye ali pa ngozi kwambiri pa masabata 6 oyamba. Pa nthawi imeneyi asungeni pansi pa dengu lalikulu la nsungwi lobvundikira, kapena m'kakhola ka waya kotseka pamwamba, ndipo muziwapatsa gaga ndi madzi momwemo. Dengulo muzilisuntha tsiku ndi tsiku kuti apeze pouma ndi paukhondo.

Mphamba ndi kabawi wa mapiko osongoka amafuna malo oyera kuti atsike ndi kukweranso. Bwalo losesedwa lopanda pobisala ndilo limawaitana. Mangani timisasa ta udzu tofika m'maondo apa ndi apo, siyani zitsamba zingapo, ndipo muziwaza cakudya ca nkhuku pansi pa nkhokwe, kuti make anapiye akaliza cenjezo ana apeze pothawira pafupi. Kabawi wa mapiko aafupi ndi wosiyana, pakuti iye amadzera m'mitengo. Khola la anapiye lisakhale pansi pa mtengo wa masamba ambiri, ndipo pamwamba pake pakhale potseka.

Ciweto cikafa ndi matenda, dziwitsani alangizi a ziweto, ndipo citentheni kapena kucikwirira mozama. Musathire mankhwala pa nyama yakufa pa cifukwa ciriconse, pakuti poizoni sasankha: amapha fisi, muimba, galu wa pakhomo, ndiponso munthu amene angatole nyamayo. Fisi kapena mkango zikabvuta, kanenani kwa anyakwawa ndi ku ofesi ya Boma yoyang'anira nyama za m'thengo, ya Department of National Parks and Wildlife, pakuti lamulo la nyama za m'thengo la 2015 limaletsa kupha nyama ndi poizoni. Mukapeza miimba yambiri itafa malo amodzi, musaikhudze ndipo musalole ana kapena agalu kuyandikira, koma tumizani uthenga tsiku lomwelo kuti malowo ayeretsedwe miimba yina isanatere.

Inu makolo ndi aphunzitsi, anyamata oweta ng'ombe ndiwo amakhala tsiku lonse maso ali m'mwamba, malegeni ali m'khosi. Aphunzitseni kuyang'ana mapiko ndi mcira asanakoke legeni: mcira wa mphanda, mapiko osongoka, mapiko aafupi ndi mcira wautali, mapiko otakata a zala. Mnyamata wodziwa zinai zimenezi adzadziwa nthawi yothamangira kukabvundikira anapiye, ndiponso adzadziwa mbalame yoyenera kuisiya ipite.